Ndinasewera Mzukwa Nditavala Jekete la Malemu

Aphungu,

Ndine mwamuna wa zaka za m'ma 30, ntchito yanga ndi yometa anthu. Kababashopu kanga kali mumsewu wotsikira kudoko, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wogulitsa maukonde. Muli mpando wozungulira womwe unasiya kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira. Ndiyambe ndakuuzani za nkhope yanga, chifukwa mavuto onse anayambira pamenepo. Ndine wamtali, woonda, maso olowa m'kati, masaya ngati ndikutsopa ndimu. Amayi anga ondibereka ankakonda kunena kuti ndine wokongola mumtima, ndiye muone nokha.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera anyamata ojambula mafilimu. Amati akufuna tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere, ya maboti akutha ndi malata adzimbiri, ndipo yathuyi inawakwana popanda kusintha kanthu. Mkulu wawo, yemwe tonse timangomutchula kuti a Dailekita, anabwera kudzametetsa ndevu. Ndili mkati mometa ndinaona akundiyang'anitsitsa pagalasi, mpaka ndinayamba kukayika kuti mwina ndawacheka. Kenako anati: "Akulu, munasewerako filimu inu?" Ndinati ayi. Iwo anati: "Nkhope ngati yanuyi tayisaka paliponse. Inu simufunika n'kudzola zambiri." Aphungu, ine ndinathokoza. Ndinachita kugwira pachifuwa pothokozapo, ndevuzo n'kuwameta ulere. Ndinadziwa mawa lake kuti akufuna munthu wosewera mzukwa wa msodzi womira m'madzi.

Tsopano ndikuuzeni za Madamu. Ndi mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo ndimamutchula momwe anawo amamutchulira, chifukwa nanenso akandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake ndimamva ngati sindinalembe homuweki. Takhala pa chibwenzi nthawi ndithu, abale akudziwana, ndipo ukwati timayembekeza kuti uchitike mvula ikatha. Chomwe anaona mwa ine sindichidziwa, ndipo sindifunsa kuopa kuti angayambe kuganiza. Madamu amakhala ndi amayi ake, omwe ali ndi tiyirumu pafupi ndi pokocheza maboti. Asodzi akatuluka m'madzi m'mawa amayambira pamenepo kumwa tiyi ndi buledi. Bambo ake, omwe anthu ankawatchula kuti a Makaniko chifukwa chokonza mainjini a maboti, anapita panyanja tsiku lina osabwerakonso. Mtembo sunapezeke. Izi zinachitika ine ndisanasamukire m'tauni muno, ndipo pakhomopo sazikamba.

Mayi, amayi ake a Madamuwo, si munthu wa mawu ambiri. Chaka choyamba chonse ankandiyankha moni ngati ndabwera kudzadula magetsi. Tsiku lina ndikutsanzika kunayamba mvula. Mayi anadzuka n'kuchotsa jekete lomwe linali pa msomali kuseri kwa chitseko, lachikasu, lolemera lija amavala anthu apanyanja, lili ndi chigamba chofiira pachigongono chosokedwa pamanja. Anandipatsa ndi manja awiri, n'kunena kuti: "Valani, bambo. Mwamuna asamachoke pakhomo pano opanda jekete." Madamu anali kukhitchini, sanaone. Ine ndinaliyang'ana n'kunena chamumtima kuti apa andipatsa chotayidwa cha m'nyumba. Ndinathokoza, ndinafika kwathu, ndinaliponya pansi pa bedi, basi n'kuiwala.

Anyamata a filimu aja zovala sagula, aliyense amabwera ndi zake. A Dailekita anandiuza kuti ndipeze chovala chakutha, chooneka chausodzi. Ndinakwawira pansi pa bedi paja n'kusolola jekete lija. Ataliona anachita kulumpha. Anati: "Ichi ndiye chenicheni! Chigamba ichi kamera ichikonda. Mwalipeza kuti?" Ine mapewa m'mwamba ndinati: "Ife zinthu timakhala nazo."

Aphungu, filimu sajambula mmene timaionera. Amayambira kumapeto, n'kulumphira pakati, poyamba n'kudzajambula tsiku lomaliza. Ine nkhani sanandiuze, akuti mzukwa sulankhula ndiye sufunika kudziwa zambiri. Ntchito yanga inali kulowa m'nyanja mpaka m'khosi, kumira, kudikira wezulo, kenako kutuluka pang'onopang'ono, ndere zili lende m'mutu, ndikukoka mwendo umodzi. Kusambira sinditha, choncho mantha omwe anthu akuyamikira pankhope panga mu filimuyo si luso ayi. Zonsezi zinkachitika masana dzuwa likuswa mtengo, azimayi akuyanika nsomba chapompo n'kumandiseka, a Dailekita akuti mdima adzauika pa kompyuta. Tsiku lina ananditengera kunyumba ina ya chitseko chabuluu, akuti ndigogode pang'onopang'ono, madzi akudontha. Ndinafunsa kuti kodi ndikugogoda kwa yani. Anati: "Inu gogodani basi, tidzalumikiza ife." Ndinagogoda mpaka zala kutupa. Titamaliza, jekete lija analitsekera m'sutikesi ya zovala za filimu, ine osadandaula. Kwa Madamu ndinabisa zonse kuti ndidzamudzidzimutse. Kumudzidzimutsa kokha ndinakwanitsa.

Tsiku loonetsa filimu linali Loweruka masana, mu holo ya tauni, mawindo ataphimba ndi mabulangete. Ndinavala suti yobwereka, ndinakatenga Madamu ndi Mayi, n'kuwakhazika kutsogolo penipeni, ine pakati. Holo inadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Apa m'pomwe nanenso ndinaimva nkhaniyo koyamba. Akuti panali msodzi, mkazi wake anali ndi chibwenzi chamseri. Mkaziyo anathira mchenga mu injini ya boti, injini n'kukazima pakati pa nyanja, mwamuna n'kumira. Ndiye mzukwa wake ukubwera kudzabwezera, kuyambira kwa anzake omwe anadziwa koma osanena, kumalizira kwa mkaziyo.

Itafika nthawi yanga, mutu wanga unayamba kutumphuka m'mafunde, anthu anakuwa, ana anabisala m'zitenje za amayi awo. Ine monyadira ndinkagunda Madamu ndi chigongono kuti aone. Kenako kamera inayandikira pa mkono. Kumbuyo kunamveka mawu a a Kapitawo, mkulu wina woyendetsa boti yemwe anali mnzawo wa malemu: "Jekete la a Makaniko ilo! Chigamba icho!" Ndinacheuka kuyang'ana Madamu, ndinapeza wagwira pakamwa, ndipo posakhalitsa anadzuka n'kutuluka. Mayi sanasunthe. Anakhala chowongoka, manja pamaondo, mpaka pomwe ine ndikugogoda pa chitseko chabuluu chija, mkazi wamasiye akukuwa m'katimo kupempha chikhululukiro. Filimu itatha a Dailekita anandiitanira kutsogolo, anthu akuomba m'manja. Munthu wanzeru akanathamangira panja. Ine ndinakwera pa nsanja n'kuwerama, Aphungu, n'kuweramanso kachiwiri.

Madamu ndinakamupeza atakhala kuseri kwa holo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandiuza kuti tsiku lomwe bambo ake ananyamuka kunja kunali kowala. Mayi anawatsatira mpaka pakhomo jekete lili m'manja, iwo n'kuseka kuti akabwera mvula isanaganize n'komwe zogwa. Kuyambira tsiku limenelo jeketelo linakhala pa msomali paja, ngakhale alongo ake a Madamu sankaloledwa kulikhudza. Anati: "Mayi atandiuza kuti akupatsa iweyo, ndinalira ndi chisangalalo. Ndinkayesa wamvetsa." Ndinayesa kufotokoza za kujambula kolumphalumpha kuja, iye anangoti: "Sindikufuna kudzakuonanso ukutuluka m'madzi." Kunena zoona mawu amenewa anandiwawa, chifukwa aliyense akuti malo amenewo ndi omwe ndinasewera bwino kwambiri.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Tauni yonse yagwirizana kuti filimuyo si yopeka. Akuti a Dailekita nkhani anaimva kwa ine, poti wometa amadziwa zonse, ndipo ine ndinaimva m'nyumba ya apongozi. Akuti munthu wokonza mainjini a doko lonse, yake ingazime bwanji popanda dzanja la munthu? Anthu omwe sanaonepo Mayi akuseka ndi mwamuna aliyense lero akumbukira zibwenzi zawo, ena mpaka kutchula mayina. Asodzi anasiya kumwa tiyi pa tiyirumu paja, ayamba kupita kwa mayi wina wa tiyi wamadzimadzi kumtunda. Sabata yatha wina anasiya kamulu ka mchenga patebulo, pafupi ndi mbale ya shuga. Mayi anangosesa.

Pomwe kwa Mayi kuli pululu, kwanga kwadzaza. Benchi siikwananso. Dzina langa linatha, aliyense amangoti Wonyowa, momwe ankautchulira mzukwa mu filimu muja. Anyamata amabwera tsitsi lisanamere kuti adzajambulitse nane, ena amati ndiwayendere kaye kayendedwe kaja ndisanayatse mashini. Ndipo ndimawayendera. Ndisakunamizeni, zimandikoma. Chibadwire sindinalozedwepo chala pa chifukwa chabwino.

Ndinalimba mtima tsiku lina m'mawa n'kupita ku tiyirumu kuja. Mabenchi anali opanda munthu, ketulo ikungowira yokha. Mayi anandithirira tiyi, anandisendezera shuga, n'kukhala moyang'anizana nane. Ndinakonzekera kutukwanidwa. Koma iwo anangofunsa kuti: "Madzi aja anali ozizira kwambiri, bambo?" Ine ndi kamwa langali ndinati: "Ayi Mayi, ife akatswiri sitimva zimenezo." Anangogwedeza mutu n'kulowa m'kati. Madamu wandiuzanso kuti Mayi anapempha kuti awaikire filimuyo mu foni. Akuti amaonera malo amodzi okha, pomwe ndikutuluka m'madzi n'kumayenda pamchenga, ndipo ndisanafike pa chitseko amabwezeranso kumbuyo. Ine ndikuona kuti akusonkhezera mkwiyo, ndipo tsiku lomwe udzaphulike ndidzasowa kolowera.

Tsono a Dailekita abweranso. Akuti filimu yayenda malonda, akufuna gawo lachiwiri, ndipo ulendo uno mzukwa ulankhula. Mawu, Aphungu! Ndayamba kale kuyeserera pagalasi pakakhala palibe kasitomala. Nditawapempha jekete lija, osafotokoza chifukwa, anakana. Akuti pa ntchito yawo chovala sichisintha, mzukwa ukatuluka ndi jekete lina oonera aona kuti chigamba palibe ndipo filimu yafa. Madamu naye wanena zake. Akuti za ukwati ziime kaye mpaka jekete libwerere pa msomali, ndipo ndikalowanso m'nyanja muja ndikatulukire tsidya lina.

Ndagwira njakata. Mnzanga wowotcherera uja akuti tithyole loko wa sutikesi, zida ali nazo. Mayi wa maukonde akuti ndigule jekete lina lofanana, iye asokapo chigamba chofiira, Mayi sadzazindikira. Ine maganizo anga ndi akuti ndisewere gawo lachiwirilo, koma ndiwanyengerere a Dailekita kuti asinthe nkhani, zidzaoneke kuti mkazi uja sanalakwe, anthu adzachite manyazi okha. Apo ndiye kuti aliyense wapindula, kuphatikizapo luso langa. Madamu ndimamukonda, ndipo ndikuopa kumutaya kuposa mmene ndinkaopera madzi aja. Koma kodi munthu woti mwayi wamupeza kamodzi kokha, chifukwa cha nkhope yomwe wakhala akunyozedwa nayo moyo wonse, angousiya? Ndithandizeni.

M.K., kumsewu wa kudoko


A M.K.,

Kalata yanu ndinaiyamba ndikuseka, ndinaimaliza nditasiya. Ndinu munthu wabwino, ndipo kudziseka mumatha. Koma samalani, chifukwa kudziseka kwanuko kwasanduka pobisalira. Mukangonena kuti "ine ndi kamwa langali," mukuona ngati mlandu watha. Sunathe. Kuvala jekete mu filimu simunadziwe, pamenepo sindikuimbani mlandu waukulu. Koma kuyenda mokoka mwendo mu shopu mwanu lero, pomwe Mayi akusesa mchenga patebulo, mukuchita mukudziwa. Chimenecho chithe lero lomwe.

Njira zitatu mwatchulazo zitayeni zonse. Kuthyola loko kukupezetsani mlandu wa polisi pa chinthu chomwe ndi chanu kale. Jekete lachinyengo ndiye musayerekeze. Mayi amene anasoka chigamba chija ndi manja awo, n'kukhala akuchiyang'ana zaka zonsezi potseka chitseko, angapusitsidwe ndi ulusi wa dzulo? Akadzazindikira, mudzakhala mwawalanda jekete kawiri. Njira yachitatuyo mwaikometsa chifukwa ndi yomwe ikukupatsani mawu oti mulankhule pa kamera. Taganizani bwino. Anthu akukhulupirira kuti filimu ikunena za banja limenelo. Mukasintha nkhani, mwawatsimikizira kuti inalidi ya banjalo, ndipo adzati mkamwini wapita kukafufuta umboni. Dzina la Mayi silingadikire miyezi kuti anyamata amalize kulumikiza pa kompyuta.

Choyamba, pitani kwa a Dailekita mukawauze zonse. Mwalemba nokha kuti munapempha jekete osafotokoza chifukwa, ndiye munayembekeza kuti alota? Auzeni kuti mwini jeketelo anamiradi, mkazi wake ali moyo, ndipo bizinesi yake ikufa chifukwa cha nkhani yomwe iwo anapeka. Jeketelo sanagule, munangowabwereka. Za chovala chosasintha ndi mutu wawo, osati wanu. Anthu otha kusandutsa masana kukhala usiku sangalephere kupeza jekete lachikasu. Akakakamira, pitaninso ndi mkulu wina wolemekezeka, ndipo musachoke chimanjamanja.

Chachiwiri, bodzali linayambira pagulu, ndiye lithere pagulu. Yambani ndi a Kapitawo. Iwo ndi omwe anakuwa mu holo, ndipo ndikukhulupirira kuti anakuwa chifukwa chodzidzimuka poona chovala cha mnzawo, osati kufuna kunyoza mkazi wake. Akhazikeni pansi muwafotokozere mmene jekete linafikira mu filimu, ngakhale zikuchititseni manyazi kunena za pansi pa bedi paja. Kenako apempheni kuti mawa lake mukamwere limodzi tiyi kwa Mayi, nthawi yomwe maboti akukocheza. Asodzi amatsata komwe wamkulu wawo wakhala. A Dailekita nawo abwere adzanene ndi pakamwa pawo kuti nkhaniyo anailemba asanaponde n'komwe m'tauni mwanu. Koma musanachite izi, funsani Mayi ngati akulola. Tiyirumu ndi yawo, ndipo mwawadzidzimutsa kokwanira.

Muli ndi chida china chomwe simukuchiona. Mwati anthu amakhulupirira kuti wometa amadziwa zonse. Chabwino, aliyense wokhala pa mpando wanu wosazungulirawo amve zoona, mashini ali m'mutu, poti sangathawe atametedwa mbali imodzi. Wofuna kujambulitsa ndi Wonyowa muzimuuza kuti chithunzi chikajambulidwira ku tiyirumu, kapu ili m'manja.

Tsopano za Madamu. Kalata yanu yonse mwadandaula za Mayi, za tauni, ndi za luso lanu. Mwaiwala kuti amene anamira ndi bambo ake. Mtsikana amene sanaone n'komwe mtembo wa bambo ake munamukhazika kutsogolo, n'kumuonetsa mwamuna yemwe akufuna kukwatiwa naye akutuluka m'nyanja yomweyo ali wakufa, atavala jekete la bambo akewo. Ndiye akuti sakufuna kudzakuonaninso mukutuluka m'madzi, inu n'kumva ngati akunyoza kasewero kanu! Achimwene, mkaziyo akuopa kukutayani. Chomwe anaona mwa inu, chomwe mumaopa kufunsa chija, chinali m'mawu amenewo. Pitani mukapepese popanda nthabwala ngakhale imodzi, ndipo musafotokozenso za kujambula kolumphalumpha.

Za Mayi, sindili mumtima mwawo, koma sindikuona mkwiyo womwe mukuuopawo. Munthu wosonkhezera mkwiyo akanaonera malo omwe akunamiziridwa, pa chitseko paja. Iwo amaima musanafike pamenepo. Akuonera jekete la mwamuna wawo likutuluka m'nyanja n'kuyenda pamchenga kulowera kumtunda, chinthu chomwe anachidikira zaka zambiri osachiona. Ndipo funso lija la madzi ozizira silinali la inu nokha. Munthu yekhayo amene akumudziwa kuti analowa m'madzi amenewo atavala jeketelo n'kubwerako ndinu. Akadzafunsanso, siyani za akatswiri. Auzeni zoona, kuti madzi anali ozizira ndipo munachita mantha, kenako khalani chete muwalole alankhule kapena alire.

Gawo lachiwirilo likaneni. Ndikudziwa kuti zikuwawa, ndipo sindikunyoza chimwemwe chanu chodziwika. Koma mzukwa umenewu m'tauni mwanu uli ndi dzina la munthu weniweni tsopano, ndipo nthawi iliyonse mukauvala mukufukula maliro a eni. Ngati luso lilipo, a Dailekita akupezereni malo ena mu filimu ina, pamtunda pouma. Nkhope yanuyo sikupita kulikonse.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku lobweza jekete musalivale, ngakhale kutagwa mvula yotani. Musalichape ndi sopo wonunkhira kapena kulikonza mwamseri, Mayi aone okha chochita nalo. Lipindeni bwino, mulinyamule m'manja, mupite dzuwa lili pamutu, ndipo mukafika muodire ndi mawu. Musagogode, kugogoda kwanu tauni yonse ikukudziwa. Mukalipereke ndi manja awiri monga munalilandirira, munene kuti simunadziwe chomwe anakupatsani koma tsopano mwadziwa. Akalikoleka pa msomali osanena kanthu, musafunse za ukwati tsiku limenelo, imwani tiyi muzipita. Mwina lidzakhala pamenepo mpaka kalekale, ndipo ufulu umenewo ndi wawo. Koma tsiku lina mvula ikadzagwa inu mukutsanzika, Mayi n'kudzukanso kulowera kuseri kwa chitseko, mudzaimirire mudikire. Mwamuna woyamba anaseka n'kulisiya. Inu mudzalivale, ndipo mawa lake mudzabwere nalo pakhomopo kuti aone kuti mwafika.

Aphungu